Foni ikadzaza kumudzi, mufufuta ndani?

Mwezi wa Disembala ukafika, maminibasi ochoka ku Limbe kulowera ku Zomba amadzaza ndi ife ana a m'tauni tikupita kukadyera Khirisimasi kwathu. M'zikwama mumakhala shuga, sopo, mafuta ophikira ndi chitenje cha agogo. Zimenezi munthu amakonzekera kudakali masabata awiri. Chomwe ambiri saganizira n'komwe ndi malo a m'foni, chonsecho foniyo ndi imene ikasenze tchuthi chonse pobwerera.

Ine kwathu ndi ku Namadzi, pamsewu wa M3, pomwe mtsinje wa Namadzi umalekanitsa boma la Chiradzulu ndi la Zomba. Ukatsika pamsika umakwera kabaza, kenako kanjira ka m'minda mpaka pakhomo pa agogo. Timakumanako adzukulu ochokera ku Blantyre, ku Lilongwe, ena ku Joni, aliyense ndi foni m'manja. Ndipo chaka chilichonse zimachitika mofanana. Pofika tsiku lachitatu, wina akuti ajambule ana akuvina, foni ikumuyankha kuti malo atha. Ndiye mumuone munthu ali chiimire padzuwa, chala chili piringupiringu, kufufuta chilichonse chomwe chabwera kutsogolo. Pamene akumaliza, ana aja atopa kale, ndipo pa zomwe wafufuta zija mwina panali chithunzi chomwe sadzachipezanso.

Ndimakhulupirira kuti nkhani ya malo a m'foni si ya luso la makina ayi. Ndi nkhani yosankha. Foni ikadzaza imakufunsa funso limodzi: pa zonsezi, chofunika n'chiti? Ndipo ndi bwino kuyankha funsoli uli phee kunyumba, osati uli pakati pa gule.

Tiyambe ndi chomwe chimadzazitsa foni. Kawirikawiri si zithunzi zojambula mwini wake. Ndi WhatsApp. Taganizirani magulupu omwe mulimo: la banja, la kutchalitchi kapena kumzikiti, la anzanu akusekondale, la banki mkhonde, la ochemerera Bullets kapena Wanderers. M'mawa uliwonse mumalowa maluwa a moni, mavidiyo oseketsa, ulaliki wa mphindi makumi awiri ndi nyimbo imodzimodziyo yotumizidwa m'magulupu anayi. Zonsezo zimadzitsitsa zokha ngati simunaziletse. Chithunzi chimodzi chojambula ndi foni chimadya pakati pa 3 ndi 5 MB, pomwe vidiyo yooneka bwino imatha kudya 100 MB pa mphindi imodzi yokha. Ndiye kuti kwaya yomwe mwaijambula mphindi khumi yatenga malo a zithunzi zoposa 200. Pa foni ya 32 GB, yomwe gawo lina linatengedwa kale ndi mapulogalamu oyendetsa foniyo, masamu ake savuta.

N'chifukwa chake ine ndimapakira foni ngati mmene ndimapakirira chikwama. Kutatsala masiku awiri ndimatsegula WhatsApp, kupita pa Settings, kenako Storage and data, kenako Manage storage. Pamenepo imakuonetsa yokha zinthu zoposa 5 MB ndi zomwe zatumizidwa kambirimbiri. Zambiri mwa izo ungafufute osadandaula. Pomwepo ndimaletsanso zoti zithunzi ndi mavidiyo azidzitsitsa okha. Kenako zithunzi za chaka chonse ndimazikopera mu laputopu ndi mu fulashi yomwe imatsala kunyumba. Amene alibe laputopu angagule fulashi yolowa mwachindunji ku foni, kapena kupempha mnzake wodalirika. Ntchito yonseyi siposa ola limodzi.

Mwina mukuti, aaa, zonsezi chifukwa cha zithunzi basi? Ndikuuzeni za azakhali anga.

Atamwalira zaka zingapo zapitazo, banja linafuna chithunzi choika pa pologalamu ya maliro. Mayi ameneyu sankasowa pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa sadaka iliyonse ya pamudzi pathu. Ndiye amene ankatakasa nsima ya anthu zana. Tinali adzukulu ndi ana oposa khumi okhala ndi mafoni ojambula, koma usiku wonse wa pasiwa tinkangofunsana. Msuweni wanga wina anali ndi zithunzi zabwino za Khirisimasi yapitayo, koma foni yake anamubera mu minibasi. Wina foni inagwera m'ndowa. Wina anasintha foni, zakale zinatsalira mu ija inafa sikirini. Mapeto ake tinapeza kachithunzi kamodzi ka pa gulupu la banja, azakhali ali kumapeto kwenikweni, theka la nkhope litabisika ndi phewa la munthu wina. Atakakulitsa posindikiza, nkhope inangoti mbuu. Amayi anga anayang'ana pepala lija nthawi yaitali, kenako anati, "Achemwali anga sanali chonchi."

Chodabwitsa n'chakuti agogo aamuna, omwe anamwalira ine ndisanabadwe, chithunzi chawo chilipo. Anajambulitsa kamodzi kokha ali ku migodi ya ku South Africa, nthawi ya Wenela, boma lisanaimitse maulendo aja mu 1974. Avala jekete yaikulu, dzanja lili pa mpando wa mu situdiyo. Chithunzicho chakhala mu sutikesi ya agogo aakazi zaka zoposa makumi asanu, chokulungidwa mu pulasitiki pamodzi ndi makadi a kutchalitchi. Munthu wa chithunzi chimodzi tikumuona mpaka lero. Munthu wa zithunzi mazana anatisowa pa tsiku lomwe tinkamufuna. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Chithunzi chomwe chili m'foni mokha ndi fodya wapachala.

Achinyamata anzanga ambiri amati nkhawa palibe, zonse zili pa Google. Zoona, kusunga pa intaneti kumathandiza, koma pali zofunika kudziwa. Google imapereka 15 GB yaulere, ndipo malo amenewa amagawana Gmail, Drive ndi Google Photos. Kale unkatha kuikako zithunzi zopanda malire, koma zimenezo zinatha pa 1 Juni 2021. Kuyambira mu 2024, zosunga za WhatsApp pa mafoni a Android nazonso zimadya pa 15 GB yomweyo. A iPhone amapatsidwa 5 GB yokha pa iCloud. Malowo akadzaza, zithunzi zatsopano zimaleka kukwera, ndipo munthu ukhoza kutha miyezi ukuganiza kuti zikusungidwa.

Palinso nkhani ya bandulo. Kumudzi kulibe Wi-Fi ya kuofesi. Netiweki ya Airtel kapena TNM pamsika imagwira bwino, koma ukalowa mkati zimatengera pomwe waima. Kwathu aliyense amadziwa chulu chomwe amakwerapo akafuna kuimba foni. Kusiya foni kuti izikweza chilichonse pa data ndi kuotcha ndalama. Ine ndimachita chonchi: madzulo aliwonse tikatha kudya, ndimakhala pakhonde n'kuyang'ana zomwe ndajambula tsikulo. Zofanana zisanu ndimasiya chimodzi. Zogwedezeka, zotsinzina, za chala pa kamera, zonse kunja. Pa zotsalazo ndimasankha khumi zomwe zitandisowa ndingalire, ndipo zimenezo zokha ndimazikweza usiku womwewo. Zithunzi khumi siziposa 50 MB. Zina zonse zimadikira ndikabwerera m'tauni.

Chenjezo limodzi pa Google Photos: mukafufuta chithunzi mkati mwa pulogalamuyi, chimachoka m'foni ndi pa intaneti pomwe. Ngati mukungofuna malo, gwiritsani ntchito pomwe palembedwa Free up space, chifukwa pamenepo imachotsa m'foni zokhazo zomwe zinakwera kale. Mukafufuta mwangozi musataye mtima msanga. Zomwe zinakwera zimakhala mu Trash masiku 60 zisanatheretu.

Koma funso lalikulu ndi ili: pasiwedi ya Gmail yanu mukuidziwa? Ambiri akaunti anawatsegulira mnyamata wa pashopu tsiku logula foni, ndipo nambala yomwe analembetsa ndi ya simu yomwe inatayika kalekale. Foni ikabedwa, zithunzi zimakhala zilipo ndithu, koma khomo lake ndi lokhoma ndipo kiyi palibe. Musananyamuke lowani mu akaunti yanu, muone ngati nambala yobwezeretsera ili yomwe mukugwiritsa ntchito panopa. Dziwaninso kuti Google inalengeza kuti akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa ikhoza kufufutidwa.

Nanga memori khadi? Ndi yothandiza, makamaka pa mavidiyo, koma samalani ndi zotchipa kwambiri. Zina zimalembedwa 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa. Zimalandira zithunzi bwinobwino, koma tsiku lofuna kutsegula zimangoonetsa mabokosi otuwa. Iyeseni kaye kunyumba poidzaza ndi zinthu n'kuzitsegulanso. Kumbukiraninso kuti khadi ili m'foni imabedwa limodzi ndi foniyo. Ndipo ngati kwanu kulibe magetsi, foni mukukaisiya potchajitsa pagolosale kapena kwa wometa, ikhale yokhoma.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi abale anu omwe. Ojambula zithunzi amalangiza kuti chithunzi chofunika chizikhala malo atatu, ndipo amodzi mwa malowo akhale kutali ndi ena. Ife timachita zimenezi tsiku lotsanzikana: timakhala pamphasa n'kugawana zithunzi zabwino kudzera pa Bluetooth kapena Xender, zomwe sizidya bandulo. Chithunzi cha agogo chikakhala ku Ndirande, ku Area 25 ndi ku Johannesburg, wakuba mmodzi sangachithe. Ngati mukutumiza pa WhatsApp, tumizani ngati Document. Mukatumiza mwachizolowezi imachifinya kuti chichepe, ndipo n'chimene chinachitikira nkhope ya azakhali.

Boma lathu la Chiradzulu lili ndi phunziro lake pankhaniyi. John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900 ndipo anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Itatha nkhondo yake ya mu Januwale 1915, yomwe inakhudzanso Magomero, kufupi ndi kwathu konkuno, boma la atsamunda linaphulitsa tchalitchicho. Njerwa zinagwa, koma zithunzi zinatsala, ndipo zina zinasindikizidwa mu buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African mu 1958. Nkhope yomwe timaiona pa K2,000 tikuidziwa chifukwa anthu ena anasamala zithunzi zochepa zomwe zinalipo. Posachedwapa, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi midzi m'maboma a kummwera kuno, kuphatikizapo Chiradzulu, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Pali mabanja omwe lero pakhomo pawo pakale amangopaona pa chithunzi chomwe mwana wina anajambula pa tchuthi.

Ndiye malo mwawapeza, mudzazemo chiyani? Maselufi jambulani, palibe choletsa. Phiri la Chiradzulu limakoma kumbuyo kwa munthu dzuwa likamalowa. Koma nkhope yanu mudzakhala nayo chaka chamawa. Jambulani manja a agogo akusenda nandolo. Jambulani nkhokwe, mtondo, mtengo wa mango womwe munagwamo muli ana, amalume ali pa njinga yawo yakale ija. Jambulani amene amaphika, chifukwa pa zithunzi za pachikondwerero iwo ndiwo amasowa. Ndipo musaiwale mawu. Kujambula mawu okha kumadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, kutanthauza kuti ola lathunthu la agogo akufotokoza komwe mtundu wanu unachokera limachepa kuposa mphindi imodzi ya vidiyo.

Pemphani kaye musanajambule. Agogo anga sakonda zowadzidzimutsa. Ndikati, "Agogo, ndikujambuleni?" amayankha kuti, "Iwe, ndili chonchi? Dikira ndikavale kaye." Amalowa m'nyumba, n'kutuluka atavala chitenje chatsopano ndi duku, n'kukhala pampando mowongoka, osaseka. Kwa iwo chithunzi ndi chinthu cholemekezeka, cha kamodzikamodzi. Ndimajambula chimenecho monga akufunira, kenako ndimawafunsa za masiku omwe ankavina chinamwali, ndipo akayamba kuseka ndimajambula chachiwiri.

Chomaliza ndi pepala. Januwale aliyense ndimasankha zithunzi zisanu kapena khumi n'kukasindikiza ku situdiyo. Kumbuyo kwa chilichonse ndimalemba mayina a anthu, malo ndi chaka, chifukwa mwana wa mdzukulu sadzadziwa kuti mayi wa duku lobiriwira anali ndani. Zina ndimasunga, zina ndimatumiza kumudzi ndi aliyense wopita kumeneko. Agogo alibe foni ya intaneti, ndipo si chilungamo kuti tiziwajambula chaka ndi chaka iwo osadziona. Ulendo wapitawu ndinapeza kuti zithunzi zija anaziika mu pulasitiki momwe muli cha agogo aamuna. Nditafunsa chifukwa chake sanazipachike pakhoma, anati, "Pakhoma pali chiswe, mwanawe. Umu ndi mmene zimakhalitsa."