Loweruka limodzi la abusa

Anzanga ophunzitsa Bible Knowledge, ife a ku Zomba tili ndi mwayi umene timaugonera. Kuchokera kuno ku Chinamwali, kabaza amakufikitsa ku Chirunga usanatope nkomwe, kumene mabuku a Kachere adayambira m'zaka za m'ma 1990 m'manja mwa anthu ngati Klaus Fiedler, Kenneth Ross ndi bambo Joseph Chakanza. M'tauni momwemu muli koleji ya abusa a CCAP imene idatsegulidwa mu 1977, muli seminale ya St Peter's ya Akatolika, muli Leonard Kamungu ya Aangilikani. Anthu owerenga Chihebri ndi Chigiriki timakumana nawo mumsika tikugula matemba. Koma ana athu amangoloweza manotsi.

Ndikupatseni chitsanzo cha Yesaya. Mwana wa Fomu 4 amandifunsa kuti bwanji mneneri amene ankadzudzula mfumu Ahazi akutchulanso dzina la Koresi, mfumu ya ku Perisiya imene idalanda Babulo mu 539 BC, patapita zaka pafupifupi 200. Funso labwino zedi. Akatswiri ambiri amati machaputala 40 mpaka 55 adalembedwa nthawi ya ukapolo ku Babulo, n'chifukwa chake mawu ake ndi otonthoza pomwe a koyambirira ndi aukali. Ena amakana, amati ndi ulosi basi wa munthu mmodzi. Mwanayo ayenera kumva mbali zonse ziwiri kwa munthu amene adazikumba mozama. Akapanda kumva m'kalasi adzazimva kwa wina wofuna kungomusokoneza, kapena adzaganiza kuti kufunsa ndi tchimo, n'kusiya kufunsa mpaka kalekale.

Ndiye ndidapita kwa abusa ena, mphunzitsi wa abusa anzawo, kukawapempha kuti adzatiyankhule ife aphunzitsi maola awiri okha. Sadakane. Adangotulutsa kabuku kawo ka masiku, tonse n'kuyamba kuseka. M'kati mwa sabata amaphunzitsa m'mawa, masana amachonga zolemba za ophunzira. Lachinayi ali ndi amayi a Mvano, popeza mpingo adawapatsanso woti aziuyang'anira. Loweruka ndi la maukwati. Lamulungu salitchula n'komwe. Pamwamba pa zonsezi pali maliro, amene sapangana ndi munthu, ndipo mbusa sangauze anamfedwa kuti dikirani ndimalize Yesaya. Buku limene adayamba kulemba lidaima pa chaputala chachitatu kalekale.

Ine sindiwadandaula abusawo ayi. Chimene chimandiwawa n'chakuti timatenga munthu wophunzira chotere n'kumugawa tizidutswa mpaka nzeru zake zimangothera kwa ophunzira ochepa a m'kalasi mwake, pomwe mphunzitsi mmodzi wa sekondale amaima pamaso pa ana mazanamazana chaka chilichonse. Akatiphunzitsa ife khumi, afikira ana angati? (Inu amene mudadutsa m'manja mwanga, mukukumbukira mmene tinkathamangira Luka ndi Machitidwe mayeso a MSCE akayandikira, osaima n'komwe kufunsa kuti Teofilo ameneyu adali yani.)

Tagwirizana Loweruka loyamba la holide ikubwerayi, m'mawa, ukwati usanayambe. Adzayamba ndi Yesaya 40, ndipo ati mafunso ovuta ndiwo akuwafuna. Bwerani ndi Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, lililonse limene muli nalo, ndi mafunso amene ana adakukanikitsani nawo. Tiyi ndigula ine. Kukagwa maliro ndikudziwitsani pafoni.