Laibulale ndi mjigo: zomwe telala wa ku Ntcheu anaphunzira ku Joni

Bambo wina wa ku Ntcheu, yemwe wakhala akusoka zovala pakati pa mzinda wa Johannesburg kwa zaka zambiri, anali msungichuma wa komiti ya mjigo asanachoke kumudzi. Mwezi ndi mwezi ankayenda khomo ndi khomo kutolera ndalama zogulira zipangizo, ndipo ambiri ankamufunsa kuti, “Mjigo tinapatsidwa ulere, nanga tikulipiranji?” Sankadziwa kuti funso lomweli adzakumana nalo ku Joni, pakhomo pa laibulale yaikulu ya mzindawo.

Laibulaleyi ili pa Beyers Naudé Square. Inatsegulidwa mu 1935, ndipo mu 1974, tsankho la apartheid lili pachimake, inayamba kulandira anthu a mitundu yonse. Muli mabuku oposa 1.5 miliyoni, kuphatikizapo nkhokwe ya mabuku a mbiri ya Africa yotchedwa Harold Strange. Koma telalayo sankaiwerengera zimenezi. Banja lake la anthu anayi limakhala m'chipinda chimodzi momwe mulinso mbaula, bedi ndi makina osokera. Mwana wake wamkazi akaweruka kusukulu ankapita ku laibulale chifukwa kunali tebulo, magetsi ndi bata.

Mu 2020, mliri wa Covid-19 utafika, laibulaleyi inatsekedwa, ndipo kwa zaka pafupifupi zisanu anthu sanathe kuigwiritsa ntchito monga kale. Akuluakulu a mzinda anati denga linkadontha ndiponso zida zotetezera nyumbayo ku moto zinali zosakwanira. Nkhani ya moto bamboyu sanaitsutse. Mu Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pafupi ndi pomwepo, inapsa n'kupha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi. Chomwe chinkamuvuta n'chakuti nyumba yomweyi inali itatsekedwa kale kuchokera mu 2009 mpaka 2012 kuti ikonzedwe ndi ndalama za khonsolo komanso thandizo la bungwe la Carnegie Corporation la ku New York. Zinatheka bwanji kuti pasanathe zaka khumi ifunenso kukonzedwa?

Mwana uja analemba mayeso a matric akuwerengera pa masitepe a nyumba yomwe amachita lendi. Usiku wina anati, “Bambo, kodi mabuku onse aja akuwerenga ndani?” Bamboyo anangoti, “Mwanawe, pirira,” koma funsolo linamusowetsa tulo, ndipo anayamba kufunsafunsa za kayendetsedwe ka malaibulale.

Anapeza kuti malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1996 amaika malaibulale a anthu wamba m'manja mwa maboma a zigawo, monga Gauteng. Komabe m'mizinda yambiri ndi makhonsolo omwe amalipira antchito, magetsi ndi alonda, monga zinalili kale. Motero wopatsidwa udindo ndi wina, wotulutsa ndalama ndi wina. Kuyambira mu 2007 boma lalikulu limapereka ndalama zapadera zothandizira malaibulale kudzera m'zigawo, koma katundu wamkulu amatsalabe pamutu pa khonsolo. Kumeneko laibulale imalimbirana ndalama ndi mapaipi ophulika, misewu ya maenje ndi zinyalala. Mpopi ukauma anthu amafuula tsiku lomwelo. Denga la laibulale likayamba kudontha, mabuku amanyowa mwakachetechete.

Anaphunziranso kuti bajeti ya khonsolo ili ndi matumba awiri. Loyamba ndi la zomangamanga, lachiwiri ndi la ntchito za tsiku ndi tsiku, momwe mumachokera malipiro, mabuku atsopano ndi zokonzera zinthu zikangoyamba kuwonongeka. Thumba loyamba limakondedwa ndi atsogoleri ngakhalenso opereka thandizo, pakuti pamakhala mwambo wodula riboni. Lachiwiri silijambulitsa munthu chithunzi. Apa telalayo anakumbukira mjigo wa kwawo: bungwe linakumba chitsime n'kupita, koma karabala kotsika mtengo kakatha, mudzi wonse unkabwerera kudambo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Chaka cha bajeti ya khonsolo chimayamba pa 1 Julayi, ndipo lamulo limafuna kuti ndondomeko yake ionetsedwe kwa anthu miyezi itatu chakacho chisanayambe kuti aperekepo maganizo. Bamboyu savota ku South Africa, koma anaona kuti ndalama ya lendi yomwe amapereka imathandiza mwini nyumba kulipira msonkho wa khonsolo. Choncho tsiku lina anatseka makina ake msanga n'kupita kumsonkhano wa m'dera lake. Ataimirira, miyendo ikunjenjemera, anafunsa funso limodzi lokha: ndalama zosamalira malaibulale chaka ndi chaka zalembedwa pa mzere uti?

Sikuti funso lake ndi lomwe linatsegula zitseko. Mabungwe monga Johannesburg Heritage Foundation ndi Johannesburg Crisis Alliance ndi omwe anakhala akukakamiza khonsolo, ndipo mu Meyi 2024 anachita zionetsero panja pa nyumbayo. Gawo lina la laibulale linatsegulidwa mu Malichi 2025, ndipo nyumba yonse mu Ogasiti chaka chomwecho. Kwa mwana wamkazi uja zinali zitachedwa. Mlongo wake wamng'ono ndiye anapeza tebulo.

Telalayo atapita kumudzi kukaona abale, anapeza komiti ya chitukuko ikukambirana zopempha thandizo la kanyumba kowerengeramo mabuku pafupi ndi sukulu. Njerwa zinali zitaumbidwa kale. Anapempha mfumu kuti alankhule, ndipo anati asanalembe kalata yopempha malata, ayambe agwirizana zinthu zitatu: adzasunga makiyi ndani, woyang'anira mabuku adzalandira chiyani, ndipo nyumba iliyonse idzasonkha zingati pa nthawi yokolola kuti chiswe ndi mvula zikabwera pakhale poyambira. Ena anang'ung'udza kuti munthu wa ku Joni wabwera ndi zovuta. Mlembi wa komiti anatsegula kabuku kake n'kulemba mafunso atatuwo.