Ukagula drill, wagula batire

Digiri yanga ili mu envelopu ya khaki pansi pa sutikesi. Chimene chikundidyetsa panopa ndi drill ya batire. Ndimapachika ma TV pakhoma, ndimaika zitsulo za makatani ndi mashelefu, nthawi zina ndimathandiza anzanga oika sola pamadenga. Ntchitozi zimabwera pa WhatsApp, wina akauza mnzake kuti kuli mnyamata wina amagwira bwino. Mbiri imeneyi ndiye mpamba wanga wonse, ndipo yatsamira pa kachida kolemera pang'ono kuposa paketi ya shuga.

Ya chingwe ndi yotchipa komanso yamphamvu, izo n'zoona. Koma padenga palibe soketi, nyumba zambiri zatsopano amazimaliza magetsi asanafike, ndipo magetsiwo akathima kasitomala safuna kumva nkhani.

Drill yanga yoyamba anandibweretsera msuweni wanga kuchokera ku Joni, yogwirako kale ntchito, ndi batire limodzi. Inandisunga chaka chathunthu. Tsiku lina ndili ku Area 49, kwa mayi ena amene mawa lake kunali chinkhoswe cha mwana wawo, inangoti zii pawindo lachitatu. Ndinatchaja batire ola lonse, nyali ya chaja n'kuonetsa kuti ladzaza. Mabowo awiri okha, latha. Mayiwo anaima pakhomo manja ali m'chiuno: "Achimwene, ndiye alendo anga azidzaonekera kumsewu?" Ndinamalizira ndi hamala ndi msomali wa konkire, pulasitala n'kugumuka pangodya. Ndalama anandipatsa, koma sanandiitanenso.

Sabata yotsatira ndinazungulira ku Malangalanga ndi mumsika, sitolo ndi sitolo. Mota ya drill inali yamoyo bwinobwino, koma batire lolowa pamenepo silinapezeke. Kampani iliyonse imapanga batire la kaumbidwe kakekake: la Makita sililowa pa Bosch, la Bosch sililowa pa DeWalt. Ndiye lero ndikalowa m'sitolo sindiyamba ndi kufunsa mphamvu ya drill. Ndimafunsa kuti, "Batire lapadera mumagulitsa? Nanga chaja?" Akayamba kukanda m'mutu, ndimathokoza n'kutuluka.

Manambala apabokosi nawo amapusitsa anthu. Ya 12V imakwanira pa matabwa ndi masikuluwu. Ya 18V ndi imene imalimbana ndi khoma. Yolembedwa 20V Max si yamphamvu kuposa ya 18V. M'kati mwa ziwiri zimenezi muli maselo asanu a lithium-ion, lililonse limapereka 3.6V pogwira ntchito ndi pafupifupi 4V likangochoka pa chaja. Ena amawerengera nambala yoyambayo, ena yachiwiriyo. Koma mukaona kadrill kopepuka ngati chidole kolembedwa 88V, ingodziwani kuti inki ndi yotchipa kuposa maselo. Nambala yofunika kuiyang'ana ndi ya Ah, imene ili ngati kukula kwa thanki. Batire la 4Ah limagwira ntchito pafupifupi kawiri kuposa la 2Ah, kungoti limalemera, ndipo dzanja limamva ukamaboola uli chagada.

Makoma athu ndi a njerwa zowotcha kapena mabuloko a simenti, ndipo pamwamba pa windo pamakhala konkire. Drill yopanda chizindikiro cha kahamala pamenepo imangolira, mota n'kumatentha, bowo osaoneka. Pamafunika yomenya kwinaku ikuzungulira, komanso bit yoboolera khoma, osati ya matabwa kapena ya chitsulo. Onaninso kukamwa kwake: kwa 13mm kumalandira ma bit akuluakulu amene kwa 10mm sikungagwire.

Pali nkhani ina ya brushless. Mota zimenezi zilibe timaburashi ta kaboni, sizitentha msanga, ndipo batire limakhalitsa. Ndi zabwino ndithu, koma ndi zodula, ndipo kabodi ka m'kati kakapsa ambiri amangopukusa mutu. Ya maburashi ikayamba kuthetheka moto ndi kununkha, mmisiri wapamsika amaitsegula, kusintha maburashi kapena mota yonse, madzulo ukugwira ntchito. Nditatolera ndalama za banki mkhonde ndinagula ya maburashi, ya 18V, ya mabatire awiri, m'sitolo yopereka lisiti ndi waranti. Anzanga anandiseka kuti ndagula zachikale. Ine ndinkaganiza za tsiku limene idzafe, chifukwa chida chilichonse chimafa. Chimene ndimafuna n'choti ikadzafa, idzafere pamene pali wotha kuidzutsa.

Amene muli ndi abale ku America, chenjerani ndi chaja. Kumeneko magetsi ndi a 120V, kuno ndi a 230V. Werengani kaye zolembedwa kuseri kwake musanalowetse pa soketi, apo ayi mumva kuphulika ndi kafungo basi.

Zida zambiri zimafa ndi kutentha. Batire losiyidwa pamalata dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kapena m'galimoto yotseka mawindo, limakalamba msanga. Likatentha ndi ntchito, lisiyeni lizizire musanalitchaje, ndipo musalisunge miyezi lili lopanda moto. Drill ikakakamira m'khoma, chotsani chala, musaikakamize. Bit yobuntha nayo imapha mota pang'onopang'ono, pamene mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mota.

Chovuta kwambiri ndi anthu obwereka. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo drill ndi chimodzimodzi. Mnzanga akati, "Aise, tandibwereke ya mabowo awiri okha," ndimamuyankha kuti ndibwera ndekha ndidzaboole. Ena amakwiya, amati sukulu yandipatsa matama. Koma iye akaigwetsa apepesa n'kupita kwawo, pamene ine mawa lake ndili ndi kasitomala ku Kawale amene sadziwa za kupepesako.

Masiku ano magetsi akayaka usiku, ngakhale ikhale 2 koloko, ndimadzuka. Mabatire a drill ndi amene amayamba kupita pa soketi, lina likadzaza ndiikepo linzake. Foni imadikira.