Galu Ayambe, Kapena Mwana?

Galu. Gula. Mau awiriwa ali ndi zilembo zinayi zofanana. Tikasinthanitsa a ndi u, galu asanduka gula. Koma kwathu kuno ku Angónia anthu ambiri sagula galu ndi ndalama. Galu wa mbale wako akaswa, umapita kukasankha kamwana, n'kusiyako nkhuku imodzi. Kupeza galu n'kosavuta. Funso limene lativuta m'nyumba mwathu ndi ili: kodi galuyo adzatsala ndi yani?

Ine ndi akazi anga tinakwatirana zaka ziwiri zapitazo. Tilibe mwana, koma tikufuna kuti caka ca mawa pakhomo pathu pamveke kulira kwa khanda. Tonse awiri timagwira nchito. Iwo amalawirira ku cipatala cacing'ono ca m'dera lathu, kumene amasesa, kucapa ndi kuthandiza anamwino. Ine m'mawa ndimakhala ku munda. Masana ndimabwera kuno kudzaphunzira nanu. Nyumba yathu imakhala yotseka kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litapendeka.

Akuba amaidziwa nyumba yotere. M'dzinja lapitali tinataya nkhuku zinayi ndi khasu latsopano, dzuwa likuswa mtengo. Ndiye pamene amalume anatumiza mau akuti galu wao waswa ana asanu ndi mmodzi, ine ndinakondwa. Anati, "Bwera udzasankhe msanga, mwanawe, anzako asanatenge abwino."

Akazi anga sanakondwe. Anandifunsa kuti, "Kodi inu, galu ameneyu azidya ciani?"

Anzanga, tiyeni tiwerenge pamodzi. Galu wamkulu tim'patse mbale imodzi ya nsima pa tsiku. Pa sabata ndi mbale 7. Pa mwezi ndi mbale 30. Pa caka ndi mbale 365. Galu wosamalidwa bwino angathe kukhala zaka 10, ngakhale kupitirira. Zaka 10 ndi mbale 3650. Mwana amene sanabadweyu adzakhala akupita ku sukulu, galu akudyabe. Ndiponso galu sakula ndi nsima yokha. Amafuna msuzi, mitu ya matemba, mafupa, ndi madzi abwino tsiku lililonse. Ena amati galu amadzifunira yekha. N'zoona, amadzifunira: mazira a nkhuku za mnansi, cimanga caciwisi m'munda wa eni, ndi zonyansa za kuseri kwa nyumba. Mapeto ake ndi mlandu kwa amfumu.

Za cakudya tinamvana msanga. Cimanga timakolola cokwanira, ndipo madeya amatsala. Nkhani ya nthawi ndiyo inatikhalitsa pansi.

Ndinati galu azinditsata ku munda. Akazi anga anaseka. "Akakutsatani ku munda, nanga nkhuku azilonda ndani?" Ndinati kapena tizim'manga pa mtengo. Apa sanaseke. Tonsefe tawaona agalu omangidwa tsiku lonse, padzuwa, madzi atatayika, cingwe citakulunga mtengo. Galu wotere amalusa. Sadziwa mlendo, sadziwa mnansi. Tsiku limene cingwe cidzaduka, woyamba kulumidwa amakhala mwana wodutsa m'njira. Kagalu kakang'ono ndiye kamafuna munthu kwambiri. Kamadya katatu kapena kanayi pa tsiku. M'miyezi yake itatu yoyamba ndi m'mene kamazolowera anthu, ana, mbuzi ndi nkhuku. Kakakula kokha m'nyumba yotseka, kadzaopa ciliconse, ndipo galu wamantha ndiye amaluma.

Koma mantha enieni a akazi anga ndi ciwewe. Ku nchito kwao amaona amai akubwera ndi ana olumidwa. Mwana ndi wamfupi, motero galu amam'luma kumaso, m'khosi kapena m'manja. Nthawi zina mwana amabisa bala poopa kukalipiridwa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene timalicha OMS, limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59 000 caka ciliconse, makamaka mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 10 oterewa, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onse amatenga matendawa kwa galu. Kacirombo kake kamakhala m'malovu, kamalowa pa bala, n'kumayenda pang'onopang'ono kupita ku ubongo. Kawirikawiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanadwale. Bala limakhala litapola, anthu ataiwala. Tsono munthu akayamba kuopa madzi ndi kubwebweta, mankhwala om'ciza palibe.

Ndikupemphani, anzanga, izi zokha muzisunge, kaya muli ndi galu kaya mulibe. Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musathirepo dothi, tsabola kapena ubweya wa galuyo. Pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Katemera amagwira nchito ngati munthu wam'landira matenda asanayambe. Sapezeka pa cipatala cacing'ono ciliconse, ndiye akakutumizani ku cipatala cacikulu, pitani.

Katemera ameneyu si wa dzulo. Mu 1885, ku France, Louis Pasteur anam'pereka koyamba kwa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa koopsa ndi galu waciwewe. Mnyamatayo anakhala ndi moyo. Pasteur anamwalira pa 28 Seputembala 1895, ndipo lero tsiku la 28 Seputembala ndi lokumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe. Agalu nao ali ndi katemera wao, amene alangizi a ziweto amabaya. Kagalu kamabayidwa kakakwana miyezi itatu, kenaka mobwereza monga alangizi anenera. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 alionse akabayidwa m'dera, ciwewe cimasowa poyenda. Ndinauza akazi anga kuti agalu a m'mudzi muno adzayendabe pakhomo pathu, tikhale ndi galu kapena ai. Wathu wobayidwa sadzabweretsa matendawa m'nyumba.

Palinso njoka za m'mimba. Tiagalu tambiri timabadwa nazo, ndipo mazira ake amatsala m'dothi pamene galu wacita cimbudzi. Mwana wokwawa amadya dothi. Ndiye galu amwetsedwe mankhwala a njoka, ndipo bwalo lisesedwe m'mawa uliwonse. Wosesa ndani? Funso limenelinso anandifunsa. Ndinavomera kuti ndine.

Apongozi anga atamva nkhaniyi anati tidikire mwana ayambe wayenda ndi kulankhula. Mau ao ndi anzeru. Amalume anati galu ayambe, kuti mwana adzam'peze atakula. Ine ndinaona kuti onse awiri akukana cinthu cimodzi: khanda ndi kagalu kubwera pamodzi. Onse amalira usiku. Onse amadya kawirikawiri. Mai wa khanda sangathe kuthamangitsa kagalu kamene kakukoka matewera pa cingwe, ndipo masiku ake opuma akatha ayenera kubwerera ku nchito. Motero njira zinali ziwiri zokha: kutenga galu tsopano, kapena kudikira zaka zitatu kaya zinayi. Nkhuku zathu sizingadikire zaka zinayi.

Tagwirizana kutenga tsopano, koma akazi anga aika malamulo.

Galu adzakhala wamphongo. Wamkazi amafuna amuna kawiri pa caka, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, ndipo ife sitingathe kusunga tiana tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Kagaluko kadzayamwa kwa mai wake mpaka masabata 8. Nthawi imeneyo idzakwana mu Juni, titakolola. M'cilimwe ndimagwira nchito ku dimba, pafupi ndi nyumba, ndiye ndizibwera kudzakadyetsa ndisanapite ku kalasi. Kakakwana miyezi itatu ndidzakanyamula kupita nako kwa alangizi, ndipo pepala la katemera lidzasungidwa pamodzi ndi mapepala athu. Cingwe sitikucifuna. Timange mpanda kuzungulira nyumba ndi khola, kuti galu aziyenda momasuka m'katimo.

Lamulo lomaliza analinena kawiri. Mwana akadzabadwa, asadzatsale yekha ndi galu, ngakhale kanthawi kokatunga madzi. Galu wofatsa amalumanso, mwana akam'koka khutu kapena akagwira mbale yake. Ndipo galuyo akadzangoonetsa mano kwa mwana, adzabwerera kwa amalume tsiku lomwelo. Ndinapita kukawauza amalume. Anayamba akana, nati galu wa mtundu wao sanalumepo munthu. Pambuyo pake anavomera.

Mitengo ya mpanda ndadula kale, ndipo maenje ndakumba mbali zitatu. Yatsala mbali ya kum'mawa, kumene kuli miyala. Udzu ndikudikira kuti uume. Akazi anga anena kuti citseko ca mpanda cisanaikidwe, kagalu kasafike pakhomo.