Sienta yanga siwoloka nyanja

Kalata yondisamutsira ku Likoma yandipeza Lolemba, ndipo chiyambire tsikulo tulo sindikutiona chifukwa cha Sienta yanga. Ndiwoloke nayo kapena nditsazikane nayo?

Madzulo ano ndinaima pabwalo n'kumangoiyang'ana. Pampando wakumbuyo pakadali banga la thobwa lomwe mwana anatayira tikupita kumudzi pa Khirisimasi. Galimoto imeneyi ndinaigula ndi ngongole, ndinaivutikira zaka zitatu, ndiye musadabwe kuti mtima ukukana.

Koma mutu ukunena zina. Chilumba chonse cha Likoma ndi masikweya kilomita 18 okha, misewu yake yambiri ndi yamchenga ndi miyala, ndipo Sienta ndi yotsika pansi. Kuikweza m'sitima pa Nkhata Bay ndi ndalama, kukaitsitsa uko ndi ndalama inanso. Petulo naye amachita kuwoloka nyanja, mtengo wake sungafanane ndi wa ku Mzuzu. Tsono tiyerekeze kachitsulo kamodzi kathyoka: uimbire munthu kumtunda akagule, udikire sitima ya Ilala yomwe imayenda ulendo umodzi pa sabata, mwera ukavuta udikirebe. Masiku onsewo galimoto ili pansi pa mlambe, ikungodya fumbi.

Mayi a kunyumba akuti tiisiye kwa achimwene. Ine ayi, galimoto yobwereketsa pachibale imadanitsa anthu. Ndiigulitsa, ndigule njinga yamoto, ndalama yotsalayo ipite ku fizi ya ana.

Abale a ku Likoma ndi Chizumulu, ndithandizeni nzeru: njingayo ndigulire ku Mzuzu n'kukwera nayo, kapena yabwino ndikaipeza konko?