Moto wa pa chilumba cha Melita



Ambiri a inu mukukumbukira kuti m'mwezi wa Okutobala chaka cha 2023 sindinaoneke pa gome kwa masabata atatu. Nditabwerako, ena munandifunsa zimene ndinakaona ku Ulaya, ndipo ndinkangoyankha mwachidule kuti kuli nyanja ndi miyala. Yankho limenelo linali losakwanira. Chimene ndinakapeza kumeneko chakhala chikundisowetsa mtendere, ndipo ndaona kuti si bwino mbusa kubisira nkhosa zake phunziro limene Mulungu wamupatsa, ngakhale phunzirolo likhale lomuchititsa manyazi.

Ulendowu anakonza ndi mng'ono wanga amene amagwira ntchito ya unamwino ku Lisboa, m'dziko la Portugal. Iye anati, "Achimwene, zaka 15 mwakhala mukuika maliro ndi kudalitsa maukwati osapuma. Bwerani mudzapumeko, ndalama ya ndege ndilipira ndine." Ananditchulira malo amene anthu a kumeneko amakonda kupitako pa tchuthi: magombe a Algarve kummwera kwa Portugal, chilumba cha Madeira, ndi zilumba za dziko la Greece. Ine ndinapempha malo amodzi okha. Kuyambira pamene ndinali ku sukulu ya ubusa ndinkalakalaka kuona chilumba chimene Baibulo limachitcha Melita, pamene ngalawa ya mtumwi Paulo inasweka. Lero chimatchedwa Malta, ndipo akatswiri ambiri a Baibulo amavomereza kuti ndi chomwecho.

Malta ndi dziko laling'ono kwambiri, la pakati pa nyanja ya Mediterranean, kummwera kwa chilumba cha Sicily. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 316 okha, moti lingalowe kangapo m'boma lathu la Angónia, koma muli anthu oposa 500,000. Zilumba zake zokhalamo anthu ndi zitatu: Malta, Gozo ndi Comino. Mulibe mtsinje woyenda chaka chonse, ndipo madzi ambiri akumwa amawapeza pochotsa mchere m'madzi a m'nyanja. Dzikoli linalandira ufulu kuchoka m'manja mwa Britain mu 1964, n'chifukwa chake anthu ake amalankhula Chingerezi kuwonjezera pa chilankhulo chawo, chimene ndi chachibale ndi Chiarabu, ndipo galimoto zimayenda kumanzere monga kwathu kuno. Chuma chawo chimadalira kwambiri alendo odzacheza. Mu 2024 mokha analandira alendo oposa 3 miliyoni.

Sindikubisirani kuti ndinasangalala. Tinayenda m'misewu yopapatiza ya mzinda wa Valletta, umene anayamba kuumanga mu 1566, wozingidwa ndi malinga a miyala yachikasu. Tinafika pa doko la asodzi la Marsaxlokk, pamene mabwato amawapaka utoto wowala ndi kuwajambula maso kutsogolo kwake. Tinaoloka kupita ku Comino, kumene madzi ndi oyera mbee, moti munthu amaona mchenga wa pansi ali m'bwato. Ine mwana wa kumapiri, amene madzi aakulu ndinawadziwira pa mlatho wa Zambezi ku Tete, ndinavula nsapato ndi kulowa m'nyanja mpaka m'maondo, mng'ono wanga akundiseka. Masiku awiri oyamba mtima unkanditsutsa, pokumbukira odwala amene ndinawasiya kuno. Kenaka ndinakumbukira kuti pa Marko 6:31 Ambuye mwini anaitana ophunzira ake kuti apatuke akapumule pang'ono, chifukwa analibe ngakhale mpata wakudya. Kupuma si tchimo. Ndinagona tulo timene ndinali nditaiwala kukoma kwake.

Tsiku lachitatu tinapita ku St Paul's Bay, gombe limene anthu a pa chilumbachi amakhulupirira kuti ndi pamene ngalawa ija inasweka. Chapatali pang'ono pali kachilumba ka miyala pamene anaimikapo chipilala cha Paulo. Ndinakhala pa mwala ndi kuwerenga Machitidwe a Atumwi 27 ndi 28. Ngalawayo inali ya ku Alesandriya, yonyamula tirigu, ndipo munali anthu 276. Inachoka ku Krete nyengo yabwino ya panyanja itatha, Paulo atawachenjeza, ndipo namondwe anaikankha usiku 14, anthu osaona dzuwa kapena nyenyezi masiku ambiri. Itasweka, ena anasambira, ena anagwira matabwa, koma onse anafika kumtunda ali amoyo. Ndinazindikira kuti ndinali nditafika pa gombelo pafupifupi m'nyengo yomweyo ya chaka imene iwo anafikapo, ine pa ndege, iwo pa zidutswa za ngalawa.

Ndime imeneyi ndailalikira kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndinkatsindika za njoka imene inaluma Paulo padzanja osamupweteka. Tsiku limenelo maso anga anaima pa chinthu china: moto. Eni chilumba anakoleza moto chifukwa kunali mvula ndi chisanu, ndipo anawalandira onse. Luka amawatcha ndi mawu a Chigriki otanthauza anthu osalankhula Chigriki, kusonyeza kuti sankamvana chilankhulo ndi alendowo. Sanadziwe kuti pagululo pali mtumwi. Chimene anaona ndi asilikali achilendo, amalinyero ndi akaidi, pakamwa 276 pofuna chakudya pa chilumba chaching'ono, dzinja lili pafupi. Iwo sanayambe ndi mafunso. Anayamba ndi nkhuni. Mpaka lero, pa 10 February chaka chilichonse, dziko la Malta limakhala pa tchuthi pokumbukira kusweka kwa ngalawa ya Paulo.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinakumana ndi mlendo wa mtundu wina. Pa hotela pamene tinkagona panali mnyamata amene ankachotsa mbale pa tebulo. Ataona Baibulo langa anandifunsa m'Chingerezi ngati ndine mbusa, ndipo atamaliza ntchito tinacheza panja. Anali Mkhristu wochokera ku Eritrea. Anadutsa m'chipululu cha Sahara, anazunzika ku Libya, ndipo anaoloka nyanja pa bwato lodzaza mopitirira muyeso. Madzi akumwa anawathera, ndipo mnzake amene anakulira naye limodzi anafera m'njira. Ndinamuonetsa zithunzi zimene ndinajambula ku Comino, ndikuyesa kuti ndikumusangalatsa. Iye anati, "Abusa, nyanja imeneyi ine sindiiyang'ana. Popita ku ntchito ndimadzera msewu wa kumtunda."

Mawu amenewo ananditsekula m'maso. Nyanja imene ine ndinalipiriridwa ndege kuti ndikaione ndi manda a anthu ambiri a ku Africa ndi a kwina. Pa 3 Okutobala 2013 anthu oposa 360 anamira pafupi ndi chilumba cha Lampedusa, chimene sichili kutali ndi Malta. Mu Epulo 2015 bwato lina linamira kufupi ndi Libya ndi anthu mazanamazana, ndipo mitembo 24 inakaikidwa m'manda ku Malta. Bungwe la International Organization for Migration lawerenga anthu oposa 25,000 amene afa kapena kusowa pa nyanja ya Mediterranean kuyambira mu 2014. Chotero gombe limodzi limalandira alendo a mitundu iwiri. Wina amafika ndi pasipoti, chiphaso cholowera ndi ndalama m'thumba, ndipo amamulandira ndi kumwetulira. Wina amafika atanyowa, wopanda kanthu, ndipo maiko amakangana kuti amulandire ndani. Paulo anali wa gulu lachiwirili.

Sindikulemba izi kuti ndiweruze anthu a ku Malta. Dziko lawo ndi lothithikana, ndipo katunduyo ndi wolemera. Ndikulemba chifukwa usiku umenewo Mzimu wa Mulungu anandikumbutsa zinthu ziwiri za moyo wanga.

Choyamba ndi cha 1986. Ndinali ndi zaka 7 pamene nkhondo inafika m'mudzi mwathu. Tinathawa usiku kulowera ku Dedza, amayi atabereka mng'ono wanga yemweyo kumbuyo, ine nditagwira nsonga ya chitenje chawo. Inu akuluakulu mukudziwa mmene chisanu cha ku Dedza chimalumira. Tinafika pa khomo la gogo wina amene sitinkamudziwa. Gogoyo sanafunse kuti ndife a mbali iti ya nkhondo. Anasonkha moto, anatiphikira phala, natifunditsa thumba. Dzina lake sindinalidziwe, koma fungo la utsi umenewo ndimalikumbukira mpaka lero. Dziko la Malawi, losauka monga linalili, linasunga anthu a kwathu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ife tinabwerera pambuyo pa pangano la mtendere limene linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ndikanapanda kulandiridwa pa moto umenewo, bwenzi lero mulibe mbusa amene akukulemberani.

Chachiwiri ndi chimene chimandichititsa manyazi. Mukudziwa kuti msewu wathu uno ndi njira ya anthu ochokera ku Ethiopia ndi maiko ena amene amafuna kukafika ku South Africa. Mukukumbukiranso kuti mu Malichi 2020 anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa m'galimoto yonyamula katundu m'chigawo chathu chino cha Tete. Chaka cha 2022, usiku wina wa mvula, anyamata awiri anagogoda pa khomo la nyumba ya mbusa. Sankadziwa Chichewa kapena Chipwitikizi. Ankangoloza pakamwa ndi kunjenjemera. Ine ndinaopa. Ndinaganiza za akuba, ndinaganiza za mafunso a boma, ndinaganiza za dzina la mpingo. Ndinawalankhulira pa zenera ndi kuwakodola ndi dzanja kuti apitirire. Mayi a kunyumba anandifunsa motsitsa kuti, "Abambo, ngakhale nsima yotsala ija?" Ndinawayankha kuti agone. Lamulungu lotsatira ndinaima pa gome ndi kulalikira za chikondi, ndipo palibe amene anadziwa kanthu.

Kumene anyamata amenewo anathera sindidzakudziwa pansi pano. Nkhaniyo ndinaikwirira, ndipo inakhala yokwiririka kufikira pamene ndinakhala pa gombe la Melita. Anthu amene anali asanamve Uthenga Wabwino anachita chimene ine, wophunzira Mawu ndi wodzozedwa, ndinalephera. Gogo wosadziwa kuwerenga anachita chimene ine, mwana amene anaotha moto wake, ndinakana kuchita. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine chinayamba kundiona, ndipo chitafika pa mnzanga ndinaiwala. Ndinagwada m'chipinda cha hotela ndi kupempha chikhululukiro, ndipo nditafika kuno ndinapepesanso kwa mayi a kunyumba.

Pali chinanso m'nkhani ya Paulo. Popliyo, mkulu wa chilumbacho, anawachereza masiku atatu. Atate ake ankadwala malungo ndi kamwazi, ndipo Paulo anawapempherera nachira, kenaka odwala ena a pachilumbapo anabwera nachiritsidwa. Alendowo anakhala miyezi itatu. Kupatsa n'kuika, monga timanenera. Koma tisasokoneze ndondomeko yake: moto unayaka machiritso asanaoneke. Iwo sanakoleze moto kuti alandire mphotho, anaukoleza chifukwa anthu ankazizidwa. Tikamathandiza okhawo amene tikuyembekeza kuti adzatibwezera, ndiye kuti tikuchita malonda.

Tsono ndikupempha zinthu zitatu. Kwa inu amene Mulungu wakupatsani mwayi woyenda, kaya ku Ulaya, kaya ku Vilankulo kapena ku nyanja ya Malawi, pitani mukapumule ndi kuyamika Mlengi wopanda kudziimba mlandu. Koma mukafika, mupatseni moni amene akukuyalirani bedi ndi kukutsukirani mbale, mufunseni dzina lake, pakuti nayenso ali ndi ulendo wake. Kwa inu achinyamata amene mumaona zithunzi za magombe a ku Ulaya pa foni n'kumalakalaka kupita mwa njira iliyonse, dziwani kuti chithunzi chimaonetsa madzi a pamwamba okha. Musapereke moyo wanu m'manja mwa anthu ozembetsa anzawo. Ndipo kwa mpingo wonse, ndapempha akulu a mpingo kuti tikambirane ndi kugwirizana chochita mlendo wovutika akagogoda usiku, kuti wina asadzachite mantha ali yekha monga ndinachitira ine. Sitikuitanidwa kuswa malamulo a dziko kapena kuthandiza ozembetsa anthu. Tidzadziwitsa mfumu ndi a boma monga kuyenera. Koma madzi, nsima ndi moto sizidikira kalata ya munthu aliyense.

Ku Malta ndinabwerako ndi kamwala kakang'ono kachikasu kamene ndinatola pa gombe la Paulo. Ndakaika pa zenera lomwe lija limene ndinakanirapo anyamata awiri, kuti ndikadzamvanso kugogoda ndidzakaone ndisanatsegule pakamwa.

Sabata ino, pa mapemphero a m'banja, werengani Machitidwe a Atumwi 28:1-10, Mateyu 25:31-46 ndi Ahebri 13:1-3. Pemphererani onse amene ali pa ulendo, a pamtunda ndi a panyanja, ndipo mundipempherere inenso.

Chisomo cha Ambuye wathu Yesu Khristu chikhale ndi inu nonse.

Ine mbusa wanu ndi mtumiki mnzanu mwa Ambuye.