Mwana Wodziwa Chenje Koma Wolephera Samu

Sabata ino tifuna tiulule kulakwa kwathu. Ife amene timathandiza ana a Sitandade 8 kukonzekera mayeso Loweruka masana tinali ndi mtsikana wina amene tinkamuyesa waulesi. Masiku a msika amathandiza amayi ake kugulitsa tomato, ndipo kubweza chenje salakwitsa ndi kwacha imodzi yomwe. Koma ukamupatsa samu ya mawu, pepala limabwerera loyera.

Tsiku lina tinalemba pa bolodi funso m'Chingerezi lofuna "difference" ya 45 ndi 28. Iye analemba mwaukhondo kuti 45 ndi yaikulu, 28 ndi yaing'ono. Anzake anaseka, nafenso tinatsala pang'ono kumukalipira. Koma tinadzifunsa: kodi wanama pati? Wafotokoza kusiyana monga anaphunzirira liwulo m'phunziro la Chingerezi. Titamufunsa m'Chichewa kuti utakhala ndi tomato 45 n'kugulitsa 28 atsala angati, anayankha 17 tisanatseke pakamwa. Manyazi anagwira ife.

Chomwe chinkamupinga si masamu ayi, koma chiyankhulo. Kwa zaka zambiri ana a m'dziko muno akhala akuyamba sukulu m'Chichewa, n'kusinthira ku Chingerezi pofika Sitandade 5, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linakhazikitsa Chingerezi ngati chiyankhulo chophunzitsira. Motero pepala la masamu limayesa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mawu ena ali ndi nkhope ziwiri. "Product" kusitolo ndi katundu, m'masamu ndi yankho la kuchulukitsa. "Volume" mwana amaidziwira pa wailesi. "Left" ndi kumanzere, komanso ndi zotsala. Nanga mwana amene kwawo amayankhula Chiyao, Chisena kapena Chitumbuka? Ameneyo akuwoloka mitsinje iwiri.

Kuyambira tsiku lija tinasintha. Mwana asanagwire cholembera, timamupempha afotokoze funsolo m'mawu akeake, m'chiyankhulo chimene ali nacho omasuka. Kenaka alijambule, kapena aliyale pansi ndi timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Pakhoma tinamata pepala la mawu onyengawa, lililonse ndi samu yake yachitsanzo. Timawakhazika awiriawiri, chifukwa wamanyazi amafunsa mnzake zimene sangafunse pagulu. Pomaliza, yankho alinene m'chiganizo chathunthu cha Chingerezi, pakuti mayeso sadzabwera m'Chichewa, ndipo kumubisira zimenezi n'kumupha. Tikamachonga timayamba tafufuza ngati wagwa pa kuwerengera kapena pa kumva.

Sitinganene kuti zonse zinayera. Mtsikana uja mpaka lero amachedwa pa mafunso aatali. Koma tsopano amakweza dzanja n'kufunsa tanthauzo la liwu, chinthu chimene kale sankayerekeza.

Tiganizire ana angati amene anasiya sukulu atakhulupirira kuti mutu wawo ndi wouma, pamene anangosowa womasulira liwu limodzi. Inu achinyamata amene muli ku sekondale ndi ku koleji, kunyumba kwanu kuli mng'ono kapena mlongo wokhala chete ndi kope lake. Sabata ino khalani naye pamkeka kwa theka la ola. Musamuuze yankho. Mufunseni kuti funsolo likuti chiyani, ndipo dikirani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.